Mlomo Umene Umawoloka Nyanja Phazi Lili Pakhomo

Mwambi wakale wakuti “ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza” unapangidwira munthu wapaulendo, amene akafika m’mudzi wa eni amayenera kudya chimene wapatsidwa, kuthokoza ndi kunyamuka, osasiyako mawu onyoza mfumu ya kumeneko kapena oweruza milandu imene sanaitanidwire. Maganizo a akuluakulu anali akuti pamene paponda phazi pamafufutika mvula yoyamba ikangogwa, koma mawu olankhulidwa mosasamala amasungidwa ndi eni mudzi mpaka tsiku limene wapaulendo uja adzabwerenso kudzapempha madzi akumwa. Chimene akuluakuluwo sanachiganizire n’chakuti idzafika nthawi imene mlomo udzatha kuyenda wokha, phazi lili phee pakhomo, ndipo palibe mtundu wa anthu umene waonetsa luso limeneli kuposa anthu a ku Britain pa nyengo imene dziko la America likusankha pulezidenti wake.

Pulezidenti wa America sasankhidwa mwachindunji ndi mavoti a anthu onse, koma ndi gulu la nthumwi 538 lotchedwa Electoral College, limene mipando yake imagawidwa ku zigawo 50 za dzikolo molingana ndi chiwerengero cha aphungu a chigawo chilichonse, kuphatikizapo mipando itatu ya likulu la dziko, Washington, ndipo wopambana amayenera kupeza nthumwi 270. Pa nthumwi zonsezi gawo la Britain ndi 0, ndipo chifukwa chake chinalembedwa momveka bwino mu 1776, pamene madera 13 amene ankalamulidwa ndi mfumu George III analengeza kuti sakufunanso kumva maganizo a ku London. Izi sizinaletse mabungwe ochita kafukufuku wa maganizo a anthu, monga YouGov, kufunsa anthu a ku Britain zaka zinayi zilizonse kuti akufuna apambane ndani, ndipo anthuwo amayankha ndi mtima wonse ngati woonerera bawo amene amakwiya eni masewera akapanda kumumvera. Mu 2024 anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse ankafuna a Kamala Harris, pamene ofuna a Donald Trump sankakwana 2 mwa 10, kotero kuti a Harris akanakhala pulezidenti lero chisankho chikanachitikira ku Manchester. Chimene chimakulitsa vuto ndi chilankhulo chimodzi: Mfalansa akanyoza wopikisana pa chisankho cha America pamafunika womasulira, ndipo mawu amazizira m’njira, koma a Mngelezi amafika akadali otentha.

Chitsanzo chakale chimene chimaphunzitsidwabe ndi cha mu 1888. Kazembe wa Britain ku Washington, a Lionel Sackville-West, analandira kalata yochokera ku Pomona m’chigawo cha California, yolembedwa ndi munthu wodzitcha Charles Murchison, amene ananena kuti anabadwira ku England koma tsopano ndi nzika ya America, ndipo ankapempha uphungu wa amene angamuvotere pakati pa pulezidenti Grover Cleveland wa chipani cha Democratic ndi a Benjamin Harrison a chipani cha Republican. Kazembe wanzeru akanayankha kuti ntchito yake simulola kunena kanthu, koma a Sackville-West, mwaulemu wonse wa munthu wophunzira, anayankha mosonyeza kuti a Cleveland ndiwo angakhale bwenzi la Britain. Murchison kunalibe. Kalatayo inalembedwa ndi George Osgoodby, wotsatira chipani cha Republican, ndipo yankho la kazembe linasindikizidwa m’nyuzipepala kutatsala milungu iwiri kuti anthu aponye voti, n’cholinga chakuti liwerengedwe ndi nzika za America zochokera ku Ireland, zimene zinali zambiri ku New York ndipo zinkadana ndi ulamuliro wa Britain pa dziko la makolo awo. A Cleveland anathamangitsa kazembeyo, koma anagonjabe ku New York, chigawo chimene chinali ndi nthumwi 36, ndipo ngakhale anapeza mavoti ambiri m’dziko lonse, a Harrison anapambana ndi nthumwi 233 kwa 168. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe za kukula kwa gawo limene kalatayo inatenga pa kugonjaku, koma onse amavomereza kuti mawu oyamikira ochokera ku Britain anagwiritsidwa ntchito ngati chida chophera munthu woyamikiridwayo.

Mu 1992 inali nthawi ya chipani cha Conservative cha nduna yaikulu John Major, chimene akuluakulu ake ena anapita kukathandiza kampeni ya pulezidenti George Bush wamkulu, pamene unduna wa za m’dziko unafufuza m’mafayilo ake ngati a Bill Clinton, amene ankapikisana ndi a Bush, anapemphapo unzika wa Britain pa nthawi imene ankaphunzira ku Oxford. Sanapeze kanthu, a Bush anagonja, ndipo a Major anakhala zaka zotsatira akugwira ntchito ndi munthu amene boma lawo linamufufuza.

Koma ntchito yaikulu yotumiza mlomo kunja popanda phazi inachitika mu October 2004, pamene nyuzipepala ya The Guardian, imene owerenga ake ambiri sankafuna kuti a George W. Bush apambanenso, inaona kuti kungodandaula sikukwanira. Inasankha boma la Clark County m’chigawo cha Ohio, kumene mu 2000 a Al Gore anaposa a Bush ndi mavoti 324 okha, n’kutenga kaundula wa ovota, amene ku Ohio munthu aliyense angathe kumupeza, ndipo inapempha owerenga ake kuti aliyense atenge dzina ndi keyala ya wovota mmodzi wosatsatira chipani chilichonse n’kumulembera kalata yomufotokozera mmene chisankho cha dziko lake chimakhudzira dziko lonse lapansi. Anthu oposa 11,000 anapempha mayina, ndipo anthu otchuka monga a John le Carré, a Antonia Fraser ndi a Richard Dawkins analemba makalata achitsanzo. Maganizo a nyuzipepalayo, amene tiyenera kuvomereza kuti anali ndi kukongola kwake, anali akuti mlimi wa chimanga wa ku Ohio akatsegula bokosi lake la makalata n’kupezamo malangizo ochokera kwa mphunzitsi wa ku Brighton amene sanamuonepo, adzagwidwa mtima n’kusintha voti yake. Mayankho anabwera ochuluka, ndipo The Guardian, mwachilungamo chofunika kuchiyamikira, inasindikiza ena mwa iwo: ambiri ankakumbutsa Angelezi za 1776, ena za amene anawapulumutsa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ena, posiya ndale pambali, ankawalangiza kuti ayambe atsuka mano awo. Mavoti atawerengedwa, Clark County linapezeka kuti ndi boma lokhalo m’chigawo chonse cha Ohio limene mu 2000 linavotera a Gore koma mu 2004 n’kutembenukira kwa a Bush, kusiya a John Kerry amene makalatawo ankawafunira zabwino. Nyuzipepala ina, Daily Mirror, inatseka nkhaniyi pofunsa patsamba lake loyamba kuti zingatheke bwanji anthu 59,054,087 amene anavotera a Bush kukhala opusa chotere, funso limene silinathandize kuti pa chisankho chotsatira makalata ochokera ku Britain adzalandiridwe ndi manja awiri.

Munthu wofufuza mosakondera angathe kufika pa mfundo yakuti njira yodalirika imene Britain ingathandizire wopikisana amene ikumukonda ndiyo kuyamikira mdani wake mokweza. Chimene chimasokoneza mfundoyi ndi a Nigel Farage, amodzi mwa andale ochepa a ku Britain amene amanyamula phazi ndi mlomo pamodzi, ndipo mu August 2016 anaimirira pa msonkhano wa a Trump ku Jackson m’chigawo cha Mississippi, a Trump n’kupambana. Komabe mu October 2020 a Farage anakalankhulanso pa msonkhano wina ku Arizona, ndipo a Trump anagonja m’chigawocho, chimene chinali chisanavoterepo wa chipani cha Democratic kuyambira mu 1996, kotero kuti lamulo lija linabwerera m’malo mwake.

Mbali yachiwiri ya mwambi, yakuti “udzaupeza”, imagwera makamaka andale, chifukwa munthu wamba akanyoza pulezidenti wa America sayembekezera kudzagwirana naye chanza. Mu December 2015 a Trump atanena kuti Asilamu aletsedwe kulowa m’dziko la America, ndiponso kuti madera ena a London ndi oopsa moti apolisi amaopa kupitako, anthu oposa 570,000 anasaina chikalata chopempha kuti munthuyo asadzaloledwe kulowa mu Britain. Malamulo a kumeneko amati chikalata chikaposa mayina 100,000 aphungu alingalire zokambirana, ndipo pa 18 January 2016 aphungu anakambirana kwa maola atatu m’chipinda cha Westminster Hall, kumene saponya voti, kenako anapita kwawo. Nduna yaikulu David Cameron anati mawu a a Trump anali ogawanitsa anthu, opusa ndi olakwika. Amene anapambana onse anali a Boris Johnson, meya wa London pa nthawiyo, amene ananena kuti a Trump aonetsa umbuli umene ukuwachititsa kukhala osayenera udindo wa pulezidenti, ndiponso kuti chifukwa chokha chimene iwo sangapitire kumadera ena a New York ndi kuopa kukumana ndi a Trump. Zikanakhala zosavuta akanakhala kuti anali bwenzi la a Hillary Clinton, amene anapikisana ndi a Trump mu 2016, koma mu 2007 anali atalemba kale m’nyuzipepala ya Daily Telegraph kuti mayiwo amaoneka ngati namwino wankhanza wa m’chipatala cha odwala misala. Mu July 2016 nduna yaikulu yatsopano, a Theresa May, anasankha a Johnson kukhala nduna yoona za ubale ndi mayiko akunja, ndipo kwa miyezi inayi ndunayo inadikira chisankho chimene, kaya apambane uyu kaya uyo, mlomo wake unali utafika kale ku White House n’kukhala pampando. A Trump atapambana, a Johnson anali m’gulu la anthu oyamba kulangiza atsogoleri a ku Ulaya kuti asiye kung’ung’udza.

Kale munthu ankatha kukana kuti sananene, kapena kudalira kuti amene anamva anamwalira, koma intaneti imasunga mawu pamodzi ndi tsiku ndi ola lake. A David Lammy, ali phungu wamba wa chipani chotsutsa cha Labour, analemba m’magazini ya Time mu 2018 kuti a Trump ndi munthu wodana ndi akazi ndiponso wokondera otsatira maganizo a chipani cha Nazi. Mu July 2024 chipani cha Labour chinalowa m’boma, ndipo unduna umene unagwera a Lammy unali womwe uja wa a Johnson. Mu October chaka chomwecho zinadziwika kuti anthu pafupifupi 100 amene ankagwira kapena anagwirapo ntchito ku chipanicho akupita ku America kukathandiza kampeni ya a Harris mongodzipereka, ndipo oyendetsa kampeni ya a Trump anakadandaula ku bungwe loyang’anira ndalama za chisankho la Federal Election Commission, m’kalata imene inakumbutsa za kugonja kwa asilikali a Britain ku Yorktown mu 1781. A Harris anagonja m’zigawo zonse zisanu ndi ziwiri zimene zinali pa mpikisano weniweni. Atafunsidwa ndi BBC za mawu awo a 2018, a Lammy anati imeneyo ndi nkhani yakale, ndipo anafotokoza kuti mu September iwo ndi nduna yaikulu Keir Starmer anadya chakudya chamadzulo ndi a Trump ku Trump Tower mumzinda wa New York. Umboni umene nduna yoona za ubale ndi mayiko akunja ya Britain inapereka, wosonyeza kuti zinthu zili bwino pakati pa mayiko awiriwa, unali wakuti a Trump anawauza kuti awonjezere nkhuku.