Mmene Ndidatetezera Demokalase Nditasenza Benchi

Pakati pa anthu amene adakhetsa thukuta kuti dziko lino lilowe mu ulamuliro wa zipani zambiri, alipo ena amene maina awo adalembedwa m'mabuku, alipo ena amene misewu idatchedwa maina awo, ndipo aliponso ena, onga ine kapolo wanu, amene ntchito zawo zazikulu zidachitikira mumtima, kotero kuti kufikira lero lino palibe wolemba mbiri ngakhale mmodzi amene waponda pakhomo panga kudzandifunsa kanthu. Sindidandaula ayi, pakuti wolungama salandira mphotho yake yonse pansi pano; koma popeza imvi zafika kale m'ndevu, ndaona kuti n'kwabwino ndidzilembere ndekha, kuopa kuti adzukulu athu angadzayese kuti ufulu tidangoutola panjira.

Pa 8 Malichi 1992, tsiku lija kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse, ine ndidali mmodzi wa iwo amene adagwedeza mutu movomereza, ngakhale kuti ndidaugwedeza pang'ono zedi, maso ali pansi, pakuti masiku amenewo munthu sunkadziwa ngati wakhala pambali pakoyo wadzera mapemphero kapena ukazitape. Khadi la chipani lidali m'thumba la malaya, pafupi ndi mtima, osati chifukwa cha chikondi, koma chifukwa wopanda khadi ayufi sankamulola kulowa mumsika. A Chakufwa Chihana atamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe mwezi wotsatirawo, ndidapsa mtima koopsa, ndipo ukali wanga wonse ndidaukhuthulira mayi a kunyumba, pakati pa usiku, chitseko titapiringidza, mawu ali a manong'onong'o. Pa 14 Juni 1993 ndidasankha nyali pa riferendamu, pamodzi ndi anthu oposa 63 mwa 100 aliwonse amene adavota, ndipo molimba mtima ndidaulula poyera mbali imene ndidali, zotsatira zitangolengezedwa.

Za 2019 ndiye musanene. Pamene makamu a anthu, motsogozedwa ndi a HRDC, adadzaza misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu kukana zotsatira za chisankho cha pa 21 Meyi, chija mapepala ake ena adapakidwa Tipp-Ex, ine ndidavala nsapato zolimba, ndidanyowetsa kansalu kotchinga utsi wokhetsa misozi, ndidatsanzika ana onse mmodzimmodzi, ndipo ndidayenda mwachamuna mpaka pa siteji ya minibasi, pamene mzimu wanzeru udandinong'oneza kuti pa nkhondo iliyonse payenera kutsala wina wodzasimba. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu aja akuwerenga chigamulo chawo pa mlandu wa chisankhocho kuyambira m'mawa mpaka mdima, sindidachoke pa wailesi ngakhale kamodzi. Mabatire a tsikulo ndidagula ndi ndalama zanga, ndipo palibe boma limene landibwezera.

Mbiri yonseyi ndinkaikamba kawirikawiri madzulo, kufikira tsiku lina mayi a kunyumba, akupeta mpunga, adati, "Abambo, ndinu msilikali woopsa ndithu, koma nkhondo zanu zonse mumamenyera pa mpando wa ndalema. Majaji asanu anuwo abwera liti kudzaona mlatho wathu?"

Mlatho umenewu uyenera kufotokozedwa. Pa kamtsinje kolekanitsa mudzi wathu ndi sukulu, chigayo ndi chipatala padafika tsiku lina anthu a zipewa zolimba, ndi matumba a simenti, ndi lonjezo lakuti ndalama za thumba la CDF zatuluka. Adakumba, adaumba zipilala ziwiri, adajambulitsa, ndipo adapita osatsanzika. Zipilalazo zidaima m'madzi ngati mano awiri otsala m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo dzinja lililonse ana ankavula mayunifolomu, kuwasenza pamutu pamodzi ndi makope, n'kuwoloka madzi ali m'chiuno. Tonse tinkang'ung'udza, tonse tinkadziwa wolakwa, ndipo wolakwayo adali wosiyanasiyana malinga ndi nsalu ya chipani imene wong'ung'udzayo adali nayo m'sutikesi. Mawu a mayi aja adandilasa. Ndidakumbukira kuti walira mvula walira matope, ndipo ndidatsimikiza mtima kuti ndiyambitsa gulu la anthu odzipereka, loteteza demokalase m'dera lathu, limene mibadwo ya m'tsogolo idzalitchula pamodzi ndi dzina la woliyambitsa.

Nditakagwada kwa amfumu ndi kulandira chilolezo chawo, ndidalengeza msonkhano pansi pa mtengo wa kachere. Taonani, khamu limene lidasonkhana tsikulo silidaonekepo chimwalirire amfumu akale: okalamba a ndodo, amayi a ana kumsana, anyamata a kabaza atasiya makasitomala panjira, ngakhale alamu anga amene sadzuka dzuwa lisanafike pamutu. Mtima wanga udasefukira, ndipo ndidalankhula nthawi yaitali za ufulu, za malamulo oyendetsera dziko, za mutu umodzi umene susenza denga, osadziwa kuti mphekesera idali itazungulira kale midzi yonse yakuti ndapeza azungu, ndi kuti galimoto loyera lili m'njira. Nditakhala pansi, mkulu wina wa ulemu wake adaimirira, adavula chipewa, adawomba m'manja katatu, nati, "Zikomo atsogoleri, mawu anu alowa, ndipo takhuta nawo. Koma ana anu tili ndi kafunso kakang'ono, mutikhululukire ngati tapyola malire: kodi pomaliza pali kusaina?"

Ndidayankha kuti ntchitoyi ndi yodzipereka, yopanda alawansi, yopanda Fanta, yopanda sikipa. Padagwa bata lalikulu. Kenaka mmodzi adakumbukira kuti mbuzi zake sadazimangirire, wina kuti wasiya nyemba pamoto, wina kuti apongozi ake akudwala, ndipo apongozi ambiri adadwala madzulo amenewo koposa chaka chilichonse cha mliri.

Sindiwaweruza abale angawo, pakuti mwala woyamba sungachokere m'dzanja langa. Zaka zambiri takhala tikuphunzitsidwa, m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima, kuti munthu akakhala pansi kumvera za ubwino wa mudzi wake womwe, ayenera kulipidwa chifukwa cha kukhalako. Ine ndemwe ndidakhalapo pa maphunziro a ulimi wa njuchi kufikira tsiku lotseka, ndidasaina mokhulupirika m'mawa ndi madzulo, chonsecho njuchi ikalowa m'nyumba ndimatulukira pazenera. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, maliro akagwa, amadzuka tambala asanalire. Adzukulu amakumba manda m'nthaka youma ya Okutobala osafunsa za envelopu, amayi amatunga madzi ndi kuphika usiku wonse, a Mvano ndi a m'miphakati amayenda mitunda kukaona odwala ndi ufa wa m'nyumba zawo. Kudzipereka tidabadwa nako. Koma nkhani ikangokhudza boma, dzanja limatambasuka lokha, pakuti mumtima timayesabe kuti boma ndi la eni ake, ndipo ife tikalithandiza tagwira ganyu.

Otsala pansi pa kachere tidali ochepa, okwana pa mabenchi awiri, ndipo ambiri adali amayi a banki m'khonde, pamodzi ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene theka la mudzi lidadutsa pansi pa choko chake. Ndidatulutsa malamulo a gulu amene ndidalemba usiku, ndipo ndime yoyamba inkati woyambitsa gulu ndiye wapampando, pamene yachiwiri inkati wapampando apitirize udindo wake malinga ngati mphamvu zilipo. Mayi aphunzitsi adavala magalasi, adawerenga mwakachetechete, ndipo adandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo, monga ankachitira ndikalephera masamu. "Mwana wanga," adatero, "pa 4 Julaye 2002, m'nthawi ya a Muluzi, bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti itagwa ku Nyumba ya Malamulo chifukwa chopereweza mavoti atatu, si iwe udagulira anthu thobwa pa msika ndi chimwemwe?" Ndidafotokoza modekha kuti nkhani ziwirizi n'zosiyana kutalitali, popeza ujayo adali munthu wina, pamene uyu ndine, koma msonkhano, posazindikira kuzama kwa mfundoyi, udagamula kuti pakhale chisankho.

Tidavota pokweza manja. Dzina la mayi aphunzitsi litatchulidwa, manja adakwera onse pamodzi, ndipo pakati pawo, lalitali koposa onse, losanjenjemera konse, padali dzanja limene ndidaliveka mphete pa guwa. Dzina langa litatchulidwa, adakwera manja awiri, langa ndi la alamu anga, amene pambuyo pake adalumbira kuti ankathamangitsa ntchentche. Ndidafunsa ngati wopambanayo wakwanitsa 50+1 monga khothi lidagamulira, ndipo adandiwerengera kawiri, mokweza. Ndidalingalira zokasuma, koma m'manja mwa anthu simupakidwa Tipp-Ex. Pofuna kundipukuta misozi, adandipatsa udindo wa mkulu woyang'anira katundu wa gulu, dzina lolemera ndithu, limene tanthauzo lake ndidalidziwa Loweruka lotsatira, pamene adandituma kukatenga mabenchi ku tchalitchi.

Dzina la gululo tidakangana nalo misonkhano ingapo osagwirizana, ndipo mpaka lero tilibe. Koma amayi a banki m'khonde, amene adazolowera kusunga ndalama za anzawo m'bokosi la maloko atatu, sadadikire dzina. Adagula kope, adaika chindapusa kwa wochedwa, ndipo adalamula kuti nsalu ndi zipewa za zipani zizitsala kunyumba, lamulo limene lidavuta alamu anga kotero kuti ankabwera atavala jekete lotseka mpaka m'khosi dzuwa lili phwee. Mayi aphunzitsi adatiuza kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo adalemba kalata ya mizere yochepa, yaulemu, yopempha kuona mapepala a ndalama za mlatho. Ine ndidapereka mawu oyamba a masamba atatu, otchula Mose ndi Farao, koma adati tidzawagwiritsa ntchito tsiku lina.

Ku ofesi kumene tidakapereka kalatayo adatilandira bwino kwambiri. Ulendo woyamba abwana adali atangotuluka kumene. Wachiwiri adali ku msonkhano kunyanja. Wachitatu fayilo idali m'kabati, kiyi ali ndi munthu amene adapita ku maliro. Magazi anga a usilikali adawira, ndipo ndidapempha kuti tichite zionetsero, popeza ndinkadziwa ndithu kuti lamulo lingofuna kudziwitsa bwanamkubwa maola 48 tsikulo lisanafike. Chikwangwani ndidali nditalemba kale, ndipo ndidadzipereka kuyenda kumbuyo kwenikweni kwa gulu, kuti ndiziteteza ofooka. Mayi aphunzitsi sadaseke. Adatikumbutsa za pa 20 Julaye 2011, pamene anthu pafupifupi 20 adaphedwa pa zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu, nati msewu ndi ufulu wathu ndithu, ndipo tsiku lake likadzafika adzatsogola okha, koma mwana wa mwini satumizidwa ku utsi zitseko zisanagogodwe zonse.

Chimene adachita ndi ichi: adatenga zoluka zawo, adakakhala pa benchi la pakhonde la ofesiyo m'mawa, napereka moni kwa aliyense wolowa ndi wotuluka, kumufunsa za ana ndi za kumudzi, pakuti ambiri mwa alembiwo adawaphunzitsa okha kugwira pensulo. Mawa lake padakhala amayi ena awiri, mkuja ena awiri, mosinthana monga amachitira podikirira wodwala ku chipatala, osatukwana, osakweza mawu, koma osachokanso. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Juzi ya mdzukulu wawo isanafike m'manja, fayilo idapezeka, kiyi adabwerako ku maliro, ndipo tidawerenga ndi maso athu kuti mlatho wathu udamalizidwa kalekale, udapakidwa penti, ndipo udaperekedwa kwa anthu mwa mwambo wake.

Pepala limenelo lidawerengedwa mokweza pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera (ADC), pamaso pa mafumu ndi khansala. Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, kotero kuti ambiri a ife tidaiwala ntchito yawo, ndipo ena a iwo sadaikumbukirebe. Koma wathuyo tsiku limenelo adaikumbukira yonse nthawi imodzi, thukuta lili kamukamu, amfumu atamupempha mwaulemu kuti atiperekeze tikawoloke pa mlatho wopakidwa pentiwo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mvula isanagwe, anthu a zipewa zolimba adabweranso, ndipo lero ana amawoloka mayunifolomu ali pathupi, ngakhale kuti zitsulo zogwirira m'mbali tikuzilemberabe makalata. Pa tsiku lotsegulira, olemekezeka adalankhula motalika, nadzithokoza okha mochokera pansi pa mtima. Dzina langa silidatchulidwe, chonsecho benchi limene adakhalapo lidafika pamenepo pa phewa langa.

Chiyambire pamenepo gulu lathu lopanda dzina lawerenga mabuku a komiti ya mjigo, lafunsa za mankhwala a pa chipatala, ndipo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 lidachezera pa malo oponyera voti kufikira zotsatira zitamatidwa, n'kuzikopera m'kope lija manambala onse, popeza mayi aphunzitsi amati mlandu wa 2020 udaima pa mapepala. Ine ndidagwira tochi. Ndamva kuti chaka chamawa kudzakhala chisankho china cha maudindo m'gulu lathu, ndipo anthu angapo, amene sindingawatchule chifukwa sadandiuze okha, akufuna kuti ndidzaimenso.

Tsono inu owerenga, ngati kwanu kuli zipilala zoima m'madzi, musadikire galimoto loyera. Funani kope, funani amayi a banki m'khonde, ndi munthu mmodzi wodziwa kukhala pa benchi osatopa. Ofuna kudzaona mmene ife timachitira, timakumana Loweruka lililonse 2 koloko masana pansi pa kachere. Mudyeretu kwanu, pakuti kusaina kulibe. Ndipo ngati wina mwa inu ali ndi wilibala yosagwira ntchito tsiku limenelo, chonde andibwereke, chifukwa mabenchi a tchalitchi chathu ndi a mlombwa.