Mkangano wa Shuga ndi Mano pa Msundwe

Kuwola kwa mano a ana, komwe akuluakulu ena amati kumachitika chifukwa cha kanyongolotsi kofukula dzino, kumayamba pamene tizilombo ta m'kamwa, makamaka totchedwa Streptococcus mutans, tadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi amene amasungunula enamelo, chomwe ndi chikuto cholimba cha dzino. Mfundo imeneyi ndiyo inautsa mkangano pa Msundwe pakati pa agogo ena aakazi ndi mdzukulu wawo wophunzira za mano mumzinda wa Lilongwe, yemwe anapeza mng'ono wake wa zaka 5 akulira, tsaya litatupa.

"Agogo, dzino ili labowoka chifukwa cha maswiti ndi mafirizi amene mumamugulira pamsika, kuphatikizapo tiyi wa masupuni anayi uja," anatero mnyamatayo.

"Amuna anga, sukulu yakuzunguzani mutu," anayankha agogowo, pomutchula monga amachitira agogo achichewa akamaseleula ndi mdzukulu wamwamuna. "Pa wailesi ananena kuti shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo anamuthira vitamini A, ndiye mukufuna mwana amanidwe mankhwala?"

Mdzukuluyo anavomera kuti vitaminiyo alimodi ndipo amathandiza maso, koma anati tizilombo sitiwerenga zolembedwa papaketi. Anafotokoza kuti choopsa kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi, popeza malovu, omwe amachepetsa mphamvu ya asidi, amafuna theka la ola kapena kuposerapo kuti agwire ntchito yawo, kotero mwana wobwira switi m'mawa, masana ndi madzulo mano ake amakhala m'asidi tsiku lonse. Atanena kuti mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, agogowo anafunsa ngati bungwelo linatontholetsapo mwana wolira pamaliro.

Kenako anayasamula, naloza mano awo ndi chala. "Ife tinakula ndi nzimbe za kudimba, koma awa onse ndi athu. Nanga mpata uwo m'kamwa mwanumo, unabwera ndi satifiketi?"

Mnyamatayo, yemwe dzino lake linapita ndi Fanta ndi mabisiketi a kukoleji, anangoti nzimbe zinali za pakanthawi, pamene chakudya cha masiku onse chinali nsima, nkhwani ndi chimanga chokazinga, zomwe shuga wake ndi wochepa. Agogowo sanagonje, anati mano a mwana ndi ogweluka kale, choncho kuwalirira n'kutaya misozi. Apa anaphonya, chifukwa dzino loyamba likazulidwa nthawi isanakwane, lolowa m'malo mwake limatha kusowa malo n'kumera mokhota, komanso pa zaka 6 kumbuyo kumamera mano otafunira okhalitsa popanda dzino lililonse kugweluka, ndipo makolo ambiri amawayesa aubwana. Izi n'zofunika kuzidziwa m'dziko limene linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri mu 2019.

"Chabwino," anagamula agogowo, "switi azidya kamodzi, akangomaliza nsima, ndipo mswachi ndi mankhwala ake mugula ndinu ophunziranu. Koma botolo la Fanta lili m'chikwama mwanulo mulisiye pano, timwe ife amene mano athu anapirira kale."