Kalumo ka mlendo ndi nthutumba ya tambala

Chiyambireni Starlink kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, italandira chilolezo ku MACRA, mwambi uja wakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa ukuyenda monyada. Ganizani za ku Misuku, kumene zigwa zimameza netiweki, munthu n'kumakwera chitunda foni ili m'mwamba kuti angomva ngati ndalama yalowa. Lero ukaika kambale koyera padenga, kamalankhulana ndi makina oyandama makilomita pafupifupi 550 kumwamba, mapiri a Mughese ndi Wilindi n'kungotsala akuyang'ana. Kalumoka n'kakuthwadi, tisanamizane. Anyamata ena afika ponena kuti boma likapume, a Elon Musk, eni ake a Starlink, ndi anzawo achuma atiyendetsere dziko.

Chabwino, tiyeni timulandire mlendoyo. Tiyerekeze kuti wafika kwa a Mwenemisuku, mbalagha yapsa, tambala waphedwa. Nthutumba ndi ya mlendo, aliyense akudziwa. Koma akuluakulu sagawa nyama asanamve malonje. Kwanu n'kuti, bambo? Nanga kalumoka anakunolerani ndani?

Apa phwando lasanduka bwalo la milandu. Mboni yoyamba ndi NASA, bungwe la boma la America. Roketi yoyamba ya SpaceX ya a Musk, Falcon 1, inalephera katatu kotsatizana, ndipo pomwe inkatheka kachinayi mu September 2008, kampaniyo inali itatsala madzi amodzi. Mu December chaka chomwecho NASA inaipatsa ntchito ya madola 1.6 biliyoni yonyamula katundu kupita ku International Space Station. A Musk eniake sabisa kuti ntchitoyo inawapulumutsa. Ndiye NASA ilandire ntchafu.

Mboni yachiwiri yalowa itavala yunifolomu. Intaneti imene kambaleka kakugulitsa inayamba mu 1969 ngati ARPANET, pa ndalama za unduna wa chitetezo wa America, ndipo GPS imene ili mufoni mwanumo ndi ya asilikali omwewo. Ntchafu inayo yapita. Wachitatu ndi bambo wofatsa wa ku England, Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira oyendera ndalama za maboma a ku Ulaya. Mu 1993 CERN inaipereka kudziko lonse popanda kulipiritsa ngakhale tambala imodzi. Munthu wotere simungam'patse khosi. Atenge nganga yonse.

Panja pakumveka phokoso. Ndi okhoma misonkho a ku America, anamwino, aphunzitsi, oyendetsa mathiraki, akuti ndalama za NASA zija zinali zawo. Wina akukumbutsanso za ngongole ya madola 465 miliyoni imene boma linakongoza Tesla, kampani ina ya a Musk, mu 2010. Mlendo akuyankha kuti anabweza yonse mu 2013, ndipo akunena zoona. Komabe wobweza ngongole amathokoza, samanena kuti anayamba yekha. Apatseni mapiko agawane. Mayi wapakhomo ayamba kale kuyang'ana kukhola ndi diso lachisoni.

Tisaiwale akwathu. Kambaleka sikadya mbalagha, kamadya magetsi, ndipo mapolo ambiri amene akwera kumidzi ndi a MAREP, ndondomeko ya boma yolipiridwa ndi kamsonkho kobisala pa mtengo wa mafuta. Ndiye kuti mnyamata aliyense wa kabaza amene wathira lita imodzi pa Chitipa boma wasonkhako. Iyeyu, monga mwa masiku onse, alandira zipalapasiro.

Sindikunena kuti mlendo abwerere ndi njala. Mu December 2015 roketi ya Falcon 9 inapita kumwamba, chigawo chake choyamba n'kubwerera kudzatera choimirira, kuonetsa kuti roketi ikhoza kugwiranso ntchito, ndipo zimenezi zinatsitsa mtengo wotumizira zinthu mumlengalenga. Pamafunika munthu wamakani, wosaopa kuwotcha chuma chake. Boma limatha kunola chitsulo zaka makumi awiri kenako n'kuchitsekera mukabati, kiyi n'kupita nayo bwana amene ali ku msonkhano ku Mangochi. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti tikamatamanda timatchula dzina limodzi, koma zikalephereka bilu imabwera kwa tonse. Kafukufuku amene zipatso zake zimaoneka patapita zaka makumi atatu palibe wabizinesi amene amamukhudza, amadikira zipse.

Anthu a ku Misuku nkhaniyi safunika kuwaphunzitsa, anaiona pa khofi. Boma ndi lomwe linakhazikitsa Smallholder Coffee Authority, alangizi n'kumakwera mapiri ndi mbande ndi malangizo. Bungwelo litalema ndi ngongole, mu 1999 zinthu zinapita m'manja mwa alimi eniake, ndipo mu 2007 kunabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, Misuku ili m'gulu la makopaletivi ake. Khofi wa Geisha wa m'mapiri amenewa lero akumwedwa kunja kwa dziko. Funsani kuti katswiri wake ndani, mupeza mayina mazanamazana, ambiri a amayi othyola khofi m'mamawa kukuzizira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene nkhope yake inatulukapo pachikuto cha magazini. Boma linayamba, linapunthwa, anthu anatola. Woyenera kuomberedwa m'manja ndi uti pamenepo?

Komanso a boma athu asamwetulire msanga pomva NASA ikutamandidwa, ngati kuti ndi achibale. Boma limene linanola kalumoka ndi la eni ake. Lathu likadali ndi ngongole ku mapiri kuno, ndipo mwambi uja sunanene kuti mwini mudzi azigona poti kubwera mlendo. Sunatichenjezenso za mlendo amene amakumeta lero, mwezi ukatha n'kutumiza bilu, mwezi winawo bilu ina, ukalephera n'kuchoka ndi kalumo kake mutu uli wometa mbali imodzi.

Nthutumba ikadali m'mbale. Ine ndati tiisunge kaye. Chithunzi cha khofi chikufika kwa wogula ku Ulaya m'kamphindi, koma thumba la khofi silidutsa m'kambale. A Musk akaifunadi, abwere mu February mvula ili pakati, akhote pa Kapoka, akwere ku Misuku pagalimoto, osati pa roketi.