Masamu a Kuchotsera ku Kabulonga

Ife a ku Msoro sitiopa tauni. Tili ndi kathedulo. Ndikumva kuti ku England kalelo malo akakhala ndi kathedulo ankatchedwa mzinda, ndiye poti St Luke, tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Anglican ya Kum'mawa kwa Zambia, chili pakhomo pathu penipeni, ine ndimadziwerengera m'gulu la anthu a mumzinda. Chipata inachita kudikira mpaka 2017 kuti ipatsidwe ulemu umenewo. Ife tinayamba kalekale, m'masiku a wansembe Leonard Kamungu amene anatsegula mishoni yathu n'kumwalirira komweko mu 1913. Chatsala ndi tala basi, ndiponso kuti Lupande azitilola kuwoloka nthawi ya dzinja.

Ndi mtima umenewo ndinakwera basi pa Katete, ndalama za thonje zili m'sokosi, kupita ku Lusaka kukaona mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito muofesi. Pa Luangwa Bridge ndinamugulira nsomba zouma. Anazilandira pa Intercity ndi manja awiri monga analeredwera, kenaka anazikulunga m'mapulasitiki angapo asanaziike m'galimoto.

"Amalume, mawa m'mawa tikamwe khofi pa bekare ya pafupi ndi kwathu ku Kabulonga," anatero.

Za bekare ndimazidziwa. Pamsika wathu alipo mayi amene amaphika mabanzi mu uvuni ya njerwa, ndipo pambali pake pali kantemba ka tiyi. Malamulo a pamenepo ndi omveka kwa aliyense: ukawonjezera ndalama, nawo amawonjezera zinthu. Tiyi wamba ali ndi mtengo wake. Ukafuna wamkaka, wonjezera. Ukafuna banzi lopaka majarini, wonjezeranso. Munthu amene wagulitsa thonje amadziwika ndi supuni yake, imene imavutika kuzungulira m'kapu chifukwa cha shuga. Ndinkayesa kuti dziko lonse limayenda chomwecho.

Titangolowa m'bekare ya ku Kabulonga ija, chinandilandira ndi chisanu. Kwathu mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye thupi langa silinadziwe chochita ndi makina oziziritsa aja. Ndinamanga mabatani onse a jekete la ku tchalitchi. Kenaka ndinayamba ntchito imene munthu woleredwa bwino amayamba nayo, kupereka moni tebulo ndi tebulo. Pa tebulo loyamba mnyamata anachotsa kawaya kukhutu kumodzi, n'kunena kuti alibe tchenji. Pa lachiwiri mayi wina anakokera chikwama chake pafupi. Ndisanafike pa lachitatu mwana wa mlongo wanga anandigwira mkono.

"Amalume, anthuwa ali pantchito."

Ndinawayang'anitsitsa. Aliyense anali ndi kompyuta, kapu imodzi yozizira kale, ndi nkhope ya pamaliro. Thukuta ndinalifunafuna, osalipeza.

Pa kauntala mtsikana anandifunsa dzina. Ndinasangalala kuti pomalizira pake wapezeka wina wofuna kudziwa mlendo. Ndinamuuza dzina, chiwongo, mudzi, ndi kuti ndife a Mfumu Msoro, Akunda a m'chigwa, ndipo ndinali nditangoyamba kufotokoza za mwambo wa Malaila pamene ndinaona kuti iye walemba zilembo zitatu zokha pakapepala. Kumbuyo kwanga mzere unali utafika pachitseko.

Pabolodi panali maina a Chitaliyana okhaokha. Ndinatsitsa maso m'mbali mwa mitengo mpaka ndinapeza wotsikitsitsa, n'kuutchula mokweza ngati munthu wozolowera: espresso. Anandibweretsera kakapu koti chala changa chinakana kulowa pachogwirira, ndipo khofiyo anangonyowetsa pansi pake. Apa ndiye ndinawayamikira. Ngakhale kwathu wogulitsa mowa wamasese amayamba wakupatsa wolawa usanatulutse ndalama. Ndinagugudiza kamodzi, nkhope inakwinyika yokha, koma ndinalimba mtima n'kubweza kakapu kaja.

"Wapsa bwino, mwanawe. Tsopano thira."

"Ndi womwewo, abambo," anayankha mwaulemu.

Mnyamata wa kawaya uja anachotsanso kawaya kachiwiri kuti amve bwino.

Mwana wa mlongo wanga anandiitanitsira cappuccino, wokhala ndi thovu lojambulidwa tsamba pamwamba. Ndinang'amba timapepala ta shuga mpaka patebulo panaoneka ngati pachitika chisankho. Iye sanathire ngakhale kamodzi. Khofi wake, anandifotokozera, anali wochotsedwa kafeini, mankhwala aja amene amathamangitsa tulo. Mkaka wake sunachokere kwa ng'ombe koma ku mbewu yotchedwa oats. Keke yake inalibe shuga, inalibe mazira, inalibenso gluteni, chinthu cha mu tirigu chimene chimapangitsa ufa wokanda kutamuka. Nditayang'ana pabolodi ndinapeza kuti chilichonse chimene achotsa, mtengo ukukwera. Masamu a ku Kabulonga ndi amenewo. Kwathu umalipira kuti athire, kuno umalipira kuti asathire.

Pamenepo mtima unayamba kundiwawa, poganizira chuma chimene takhala tikuchitaya. M'chigwa mwathu kashembe anatiletsa kuweta ng'ombe kwa zaka zambirimbiri, ndiye tiyi wopanda mkaka wa ng'ombe tinayamba kumwa agogo athu asanamere mano. Wopanda shuga timamwa chaka chilichonse kuyambira Januwale mpaka thonje litagulidwa. Chikondamoyo cha mkazi wanga, cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi, gluteni sichinamuonepo n'komwe. Zonsezi ife timazitcha umphawi, timabisa alendo akabwera, chonsecho ku Lusaka zili ndi bolodi lakelake.

Ndiye panabwera buledi. Amautcha sourdough. Khungwa lake linali lolimba moti dzino langa lakumanzere, limene takhala tikugwirizana kuti lidikire chaka chamawa, linayamba kukambanso nkhani yochoka. M'kati munali mabowo oti n'kusuzumirapo, ndipo unali wowawasa. Ndinanong'oneza kuti tiwauze mwakachetechete kuti watha ntchito, tisawachititse manyazi pagulu. Mwana uja anaseka mpaka kutsamwa. Akuti buledi ameneyu saikamo yisiti ya m'sitolo. Amasakaniza ufa ndi madzi, n'kuzisiya masiku angapo kuti zisase zokha, ndipo chosasacho amachisunga m'botolo kwa zaka, kumachidyetsa ufa ngati chiweto. Kuwawasako n'kumene anthu amadzera. Mabowowo ndiwo umboni wa luso. Ine ndinawerenga mabowo a m'kagawo kanga n'kuona kuti pafupifupi theka la ndalama zapita ku mpweya.

Chimene chinandimaliza chinali chakumwa cha mayi wa chikwama uja, choyererako, cha m'tambula yaitali. Nditafunsa, anati ndi baobab. Malambe! Malambe omwewa amene ana athu amagenda ndi miyala pochokera kusukulu, amene timalimbirana ndi anyani, amene njovu zimachita kugwetsa mtengo wake. Akuti kuyambira 2008 mayiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kumeneko ngati chakudya, ndipo poti azungu avomera, nawo a ku Kabulonga anazindikira kuti ndi abwino. Ine ndakhala ndikuyamwa malambe moyo wanga wonse popanda chilolezo cha aliyense.

Ndipo musayese kuti zinthu za m'sitolomo zinachokera kutali. Khofi amalimidwa ku Kasama ndi ku mapiri a Munali kufupi ndi Mazabuka. Tirigu ndi wa m'mafamu othirira a ku Mkushi ndi Chisamba, wolimidwa nthawi yachisanu. Shuga amene ndinathira uja ndi wa nzimbe za ku Nakambala. Zonse ndi za pa Zambia pompano. Chochokera ku Italy ndi maina okha, koma zikuoneka kuti mainawo ndi amene amalemera ponyamula.

Lisiti itabwera ndinachita zimene malume aliyense amachita. Ndinaweramira kusokosi pang'onopang'ono, mokwanira kuti aone kuti ndikufuna kulipira, koma mosafulumira kuti ndingafikeko. Mwana uja anagunditsa kakhadi pa kamakina, kanalira, nkhani inatha. Ndinadandaula mokweza kuti wandilanda udindo. Timapepala ta shuga totsala tinalowa m'thumba la jekete, poti anthu akumeneko sakutifuna.

M'basi yobwerera ndinakonza pulani yonse. Pansi pa mtengo wa msikizi pafupi ndi msika ndiika mabenchi awiri ndi bolodi. Pamwamba tiyi wamkaka ndi shuga, wotchipa, wa anthu wamba. Pansi pake wopanda mkaka, wokwererapo. Kenaka wopanda mkaka ndi shuga. Pamapeto penipeni, wa mabwana a ku boma la Mambwe ndi alendo osochera njira ya ku Mfuwe, wopanda mkaka, shuga ndi masamba omwe, m'kapu yaing'ono.

Mkazi wanga anamvetsera mpaka kumapeto akusenda nthochi.

"Ndiye kuti abambo mwapita ku Lusaka ndi ndalama za thonje kukaphunzira kugulitsa madzi otentha?"

Ndinamuuza kuti dzina la Chitaliyana ndikulifunafuna. Kasitomala woyamba wapezeka kale, ndi mlamu wanga. Akuti ayamba ndi wa pamwamba uja, wa anthu wamba, shuga masupuni anayi, ndipo adzalipira thonje la chaka chamawa likagulidwa.