Kodi eriyo imadziwa bwanji kumene kuli Mpingwe?

Mundikhululukire, ine zamagetsi sindinaphunzire, ndiye ndifunsa ngati mwana. Pa Khirisimasi mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni anandibweretsera eriyo yoyera, yozungulira ngati mbale ziwiri zovundikirana. Akuti bwana wake ali ndi galimoto yokhala ndi bedi, khitchini ndi kanema mkati, ndipo akapita kokayenda amagona momwemo. Eriyoyi inali padenga la galimoto imeneyo, bwanayo atagula ina anamupatsa yakaleyi. "Alamu, iyi ndi yapamwamba. Za nsungwi muiwale."

Ndinaiika padenga kuno ku Mbombwe n'kulumikiza ku dikoda ya Kiliye Kiliye. Kanema anangolemba mawu awiri: No signal. Chonsecho kwa aneba, eriyo yooneka ngati minga ya chambo chodyedwa kale, yomangidwa ndi malegeni pansonga ya nsungwi, ikuonetsa MBC, Times ndi Zodiak bwinobwino. Katundu wa ku Joni angagonje bwanji kwa minga ya nsomba?

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa mnyamata wina wokonza mawailesi. Ataiona anaseka. "Madala, nyumba yanu ili ndi mateyala?" Ndinati ayi. "Nanga mwaigulira eriyo ya nyumba yoyenda bwanji?"

Anandifotokozera motere. Zithunzi zimachokera pamilongoti yomwe inazikidwa pamapiri, monga pa Mpingwe pompo ku Limbe ndi paphiri la Zomba. Galimoto lero yagona kuno, mawa kwina, lero yayang'ana kummawa, mawa kumadzulo, ndiye mwini wake sadziwa kumene kuli mlongoti. N'chifukwa chake amaipangira eriyo yomvera mbali zonse. Koma yomvera mbali zonse imamva pang'onopang'ono kulikonse, ngati munthu amene wakhala pakati pa msika. Ya minga ija imatchera khutu mbali imodzi yokha, ndiye imatola ngakhale zochokera kutali, bola uilozetse bwino.

Apa ndinamva. Koma ndinafunsabe: ngati zithunzizo zili mumlengalenga, bwanji zimasankha nyumba? Wailesi yanga ya mabatire imalankhula ngakhale ndili kudimba, kuseri kwa chulu. Iye anati mafunde a FM ndi aatali, pafupifupi mamita 3, pamene a kanema ndi aafupi, pafupifupi theka la mita, ndipo aafupiwa sachedwa kutchingidwa ndi phiri, mitengo ya bulugamu kapena denga la malata. Timinga ta eriyo tija akuti sanatidule mwachisawawa, anatiyeza molingana ndi mafundewo. Ine ndinkayesa ndi zokongoletsa. Ndiye kuno ku Chiradzulu, kumene mapiri ndi zitunda zili ponseponse, nsungwi ija si umphawi ayi, ndi imene imakwezera eriyo pamwamba kuti ione kutali.

Chimene chikundizunguzabe ndi ichi. Kanema wa TVM atayamba mu 1999, tinkaonera kwa aphunzitsi ena amene anali ndi batire ya galimoto. Chithunzi chinkadzaza mchenga, anthu ankaoneka awiriawiri, koma mpira tinkautsatira ndithu. Wina ankatuluka panja kukapotoza nsungwi, ife mkati tikukuwa kuti "Pomwepo! Mwapitiriranso, bwererani!" Kenaka mayiko anagwirizana zosamukira ku dijito pofika pa 17 June 2015, ndipo tinauzidwa kuti zithunzi zidzakhala zowala. N'zoona, zimawaladi. Koma mphepo ikangogwedeza nsungwi, wosewera wa Bullets amauma mwendo uli m'mwamba, nkhope n'kusanduka timabokosi, kenaka mdima. Chigoli umachimvera kwa aneba. Bwanji dijito sadziwa kupereka theka? Mnyamata uja anati dikoda imawerenga manambala, akakwanira imaonetsa zonse, akapelewera imasiyiratu. Kaya ndine ndekha amene nthawi zina ndimausowa mchenga uja?

Ndinafunsanso za kabokosi kena kamene kanabwera ndi eriyo ya mlamu, kotchedwa busita. Akuti kamafuna magetsi a mavoti 12, omwe m'galimoto amakhalamo kale. Ine ndinali ndisanakalumikize n'komwe ku batire ya sola. Ndiye ndikakalumikiza zonse zitheka? Anapukusa mutu. Busita amakuza zimene eriyo yatola, phokoso lomwe. Ngati sinatole kanthu, akuza chiyani? Anawonjezera kuti waya wautali kwambiri, kapena wolowa madzi polumikizira, amadya mphamvu yambiri chithunzi chisanafike n'komwe m'nyumba. Wanga ndinalumikiza zidutswa zitatu, n'kukulunga ndi pepala la shuga.

Funso limene sanandiyankhe ndi lakuti, bwanji ogulitsa sakufunsa kumene umakhala? Pabokosi amalemba makilomita ambirimbiri, koma salemba kuti pakati pa iwe ndi mlongoti pakakhala phiri, makilomitawo ndi nthano. Wogulitsa nsapato amayamba wakufunsa saizi. Wa eriyo amangofunsa ndalama zimene wabweretsa.

Ndinagula ya minga, waya mmodzi wosadukiza, ndipo nsungwi ndinadula kudimba kwa malume. Mwana wanga anatsegula pamene dikoda imaonetsa mphamvu ya siginolo, ine ndikupotoza pang'onopang'ono kulozetsa cha ku Limbe mpaka mzere unakwera. Pamenepo ndinakhoma msomali kuti isatembenukenso.

Mbale ya ku Joni ija ili pamwamba pa kabati, mayi a kunyumba amaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Mlamu akaimba foni amafunsa ngati ikugwira bwino, ine ndimangoti kanema akuoneka. Inu amene mumadziwa kulankhula ndi alamu, ndiuzeni: akabweranso mu December n'kuona nsungwi ili chilili pakhomo, ndidzati chiyani?