Tiwavulire Chipewa a Ferric Chloride

Pa katundu yense amene munthu wokonda kusewera ndi zamagetsi amasunga pakhomo, palibe chonyozeka kuposa botolo la ferric chloride. Madzi ake ndi amtundu wa dzimbiri, osakoma m'maso, ndipo kadontho kamodzi kakagwera pa malaya, malayawo asanduka chokolopera. Mayi wa pakhomo akaliona amangopukusa mutu. Koma nthawi yoti akuluakuluwa alandire ulemu wawo yakwana, ndipo kuyambira pano ndiziwatchula monga timatchulira anthu aulemu wawo: a Ferric Chloride.

Tiyambe ndi ntchito imene amagwira. Tinene kuti mwagula servo, kamota kaja kotchipa ka SG90 kolemera magalamu 9, kamene kamatembenuza mkono wa kaloboti kapena chiwongolero cha kandege koseweretsa. Kali ndi mawaya atatu: wofiira wa magetsi a mavoti 5, woderako wobwezera magetsiwo, ndi walalanje wolandirira malamulo. Kamotaka sikamva chilankhulo china koma kugunda kwa magetsi, ka 50 pa sekondi. Kugundako kukatalika milisekondi 1, mkono umakhotera uku, kukafika milisekondi 2, umakhotera uko, pa 1.5 umaima pakati. Wogunda ng'oma imeneyi akhoza kukhala 555 timer, kachipangizo kamiyendo isanu ndi itatu kamene Hans Camenzind anakonzera kampani ya Signetics, n'kulowa pamsika mu 1972. Komatu 555 amafuna pokhala, ndipo pokhalapo ndi bolodi yokhala ndi tinjira ta mkuwa.

Bolodiyo imabwera yokutidwa yonse ndi mkuwa wokhuthala ma micrometer 35 okha. Mwini wake amajambula tinjirato pa kompyuta, mwina ndi pulogalamu yaulere ya KiCad, n'kusindikiza chozondotsa pa pepala lonyezimira la magazini. Printa yake iyenera kukhala ya laser, chifukwa toner ndi ufa wa pulasitiki umene umasungunuka ukatenthedwa. Inki wamadzi alibe nazo ntchito. Kenaka amabwereka simbi yositira, kawirikawiri osapempha, n'kudinda pepalalo pa mkuwa. Akaliviika m'madzi n'kulifikisa pang'onopang'ono ndi chala, pepala limachoka, tinjira takuda n'kutsala. Zonsezi ndi kalambulabwalo chabe. Mwini gule amalowa bolodi ikamira m'beseni.

Ukulu woyamba wa a Ferric Chloride ndi chilungamo. Lamulo lawo ndi limodzi: mkuwa wophimbidwa saukhudza, wosaphimbidwa amaudya. Safunsa kuti mwagona mochedwa bwanji pojambula, kapena bolodi mwaigula zingati. Ngati munagwira mkuwa ndi chala chamafuta ndipo toner sanamatirire bwino, iwo amadula kanjirako pomwepo, mopyapyala moti diso siliona. Ngati munaiwala kuzondotsa chojambula, sakuchenjezani; amakupatsani bolodi yokongola, yosalala, yoti miyendo yonse ya 555 yaloza kolakwika. Woweruza milandu wosayang'ana nkhope chonchi akanapezeka pabwalo la mfumu, anthu akanasiya kupita ndi nkhuku kumanja.

Amadyadi, sindikana. Amalanda mkuwa umene anthu amautsikira pansi pa nthaka m'migodi ngati ya ku Kitwe ndi Mufulira, n'kuusungunula m'madzi osaoneka n'komwe. Koma amadyera poyera, mwini wake akuona, ndipo akakhuta sabisa: madzi aja amada, amayamba kubiriwira, ntchito n'kumayenda mwaulesi.

Ndi aphunzitsinso a kudekha. M'nyengo yozizira amagwira ntchito monyinyirika, ndipo wofuna kuwafulumizitsa ayenera kuwafunditsa: kuika beseni lawo m'madzi otentha kuti afike cha m'madigiri 40, n'kumawagwedeza mofatsa ngati akuwanyengerera. Koma wina akati apite kaye kukamwa tiyi, n'kuiwalako, amapeza akuluakuluwa atamaliza gawo lawo n'kuyamba kufukula pansi pa toner kuchokera m'mbali, mpaka kanjira kamene kanali konenepa katatsala kamzere kodukaduka. Ulesi saufuna, phuma salifuna, kuiwala sakufunanso. Ndi sukulu iti imene imaphunzitsa zitatu zonsezi pa mtengo wa botolo limodzi?

Pa nkhani ya mbale, amadziwa malo awo. Amakhala m'chiwiya cha pulasitiki kapena cha galasi basi. Muwaike m'poto wa aluminiyamu, muona ukali wawo: amatentha, amachita thovu, poto n'kubooka. Sinki yachitsulo yonyezimira ija amaisiya ndi mawanga osachoka. Ena amati ndi kuwononga. Ine ndimati ndi siginecha. Munthu wa zala zachikasu, thalauza lamathothomathotho ndi simenti yothimbirira pakhonde safunika kuonetsa satifiketi. Aliyense wodziwa amamuzindikira kuti uyu amapanga yekha mabolodi. Amene safuna ulemu umenewu avale magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo zikavuta afunefune oxalic acid wochotsera mawangawo.

Musawaone kudaku n'kumati ndi opanda mbiri. Luso lodya mkuwa kuti patsale njira za magetsi linachokera kwa osindikiza mabuku ndi zithunzi. Paul Eisler, injiniya wa ku Vienna amene anasamukira ku England mu 1936, ndiye anatenga nzeru ya osindikizayo n'kuigwiritsa ntchito popanga wailesi. Lero akatswiri ojambula pa mkuwa amakonda a Ferric Chloride chifukwa satulutsa utsi woopsa ngati nitric acid. Ndipo chodabwitsa kwambiri n'chakuti mwini mawanga yemweyu amalembedwa ntchito m'malo oyeretsera madzi a m'mizinda, kumene amasonkhanitsa tizinyalala kuti tidikhe pansi. Wothimbiritsa malaya kunyumba ali woyeretsa madzi kuntchito.

Adani ali nawo. Alipo sodium persulfate, woyera mbee, amene amasanduka wabuluu akamadya mkuwa ndipo amanyadira kuti sadetsa zovala, chikhalirecho amaziboola. Koma mdani wamkulu ali ku Shenzhen. Kumeneko makampani ngati JLCPCB amalengeza mabolodi asanu pa madola 2: obiriwira, a mkuwa mbali zonse ziwiri, oboola kale, olembedwa dzina la kachipangizo kalikonse pamalo pake. Achinyamata amafunsa kuti kuvutikiranji ndi beseni. Funso labwino. Koma wokhala kutali ndi China amadziwa kuti mtengo wotumizira umaposa wa mabolodiwo, ndipo phukusi limayenda masabata. Likafika n'kupezeka kuti kanjira kamodzi munalakwitsa, mwalakwitsa kasanu, mokongola. A Ferric Chloride amakupatsani bolodi yonyansa, inde, koma amakupatsani lero lomwe, ndipo amakusiyiraninso mwayi wothyola tiboolero ta mamilimita 0.8 ndi manja anu.

Ngakhale atapuma pantchito sachoka wamba. Madzi otsalawo adzaza mkuwa, ndipo mkuwa wosungunuka ndi poizoni kwa nsomba ndi tamoyo ta m'madzi. Sathiridwa m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Amafuna mwambo wawo: kuwathira soda wochapira pang'onopang'ono mpaka thovu litaleka, kudikira matope adikhe, n'kusunga matopewo m'botolo lolembedwa bwino mpaka atapezeka malo olandira zinyalala zoopsa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene amasenzera milandu ya eni. Bolodi yauma, toner wachotsedwa ndi acetone, zipangizo zawotchereredwa, batire yalumikizidwa, ndipo servo ija, m'malo moima pakati mwaulemu, yayamba kunjenjemera n'kumalira chapansipansi. Chala chimaloza kubeseni nthawi yomweyo. Chonsecho nthawi zambiri mlandu uli kwina. Servo ikamadzuka imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, mavoti amatsika, 555 amasokonezeka, kugunda kuja n'kumasinthasintha kutalika. Mankhwala ake ndi capacitor wamkulu pafupi ndi pamene servo yalumikizidwa, kanjira ka magetsi kotakata, ndi waya wobwezera magetsi wolumikiza bwino bolodi ndi mota. Zonsezi zinayenera kuganiziridwa pa kompyuta, beseni lisanatulutsidwe n'komwe. A Ferric Chloride sadziteteza, sayankha. Amadziwa kuti wowanenayo akatopa kukalipa atsegulanso KiCad, akulitsa kanjira kaja, apeza malo a capacitor, ang'amba tsamba lina la magazini, ndipo pofika madzulo simbi ya mayi isowanso pamalo pake.