Ganyu Wosalipidwa wa Loweruka Masana

Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo m'tauni ino ya Zomba, palibe imene ndaigwira mokhulupirika kuposa kudana ndi timu ya Bullets, imene amaitcha Maule. Utelala ndimachita, inde, pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika waukulu, koma makina amapuma Lamulungu ndipo singano imathyoka. Chidani chokha sichidziwa tchuthi. Sichifuna malipiro, sichifunsa za penshoni, ndipo malungo akandigwetsa, mayi a kunyumba amadziwa kuti mankhwala ofulumira kuposa LA ndi kundinong'oneza kuti Maule agonja.

Ine ndine Noma, Nyerere yeniyeni ya Wanderers. Koma mukandifunsa mayina a anyamata 11 amene anayamba masewero athu apitawa, ndiyamba kukanda m'mutu n'kumafufuza tepi yoyezera imene ili m'khosi mwanga momwe. Ndifunseni za Bullets, mumve: ndikuuzani amene wavulala bondo, amene wanenepa, amene sakumwerana madzi ndi kochi. Timu yanga ndimaikumbukira tsiku la masewero. Timu ya neba ndimagona nayo, kudzuka nayo, kudya nayo nsima.

Alamu anga a ku Matawale, achimwene awo a mayi a kunyumba, ndi Maule wotheratu. Iwo amati matenda angawa dzina lake ndi nsanje, ndipo amaonjezera kuti ngakhale magazi anga ndi a Bullets poti ndi ofiira. Ine ndimawaloza kumwamba n'kuwafunsa kuti amene anapenta thambo lonselo buluu ankasapota timu yanji. Mkanganowu tinauyamba ndisanakwatire mlongo wawo, ndipo ankhoswe anaulephera.

Ndaganizapo bwino za nkhaniyi ndikupalasa makina, ndipo chifukwa choyamba chodera timu n'chosabisika: imapambana mopitirira ulemu. Ligi yaikulu ya dziko lino inayamba mu 1986, woyamba kuitenga Bullets. Kuchokera mu 1999 mpaka 2005 anaitenga kasanu ndi kawiri motsatizana, mwana kubadwa mpaka kuyamba sitandade 1 osaonapo katswiri wina. Tinkati zimenezo zinapita ndi nthawi yake, koma kunabwera mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa, n'kuikokera ligi kwawo kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023. Ife a Noma tinatenga mu 2006, kenaka tinadikira mpaka 2017. M'zaka zapakatizo munthu ukanadya chiyani pakanapanda kugonja kwa neba? Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife sitinaukulitse mutuwo, tikungopereka nkhonya zimene mwambi unalonjeza.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mdani weniweni amachokera m'nyumba. Wanderers inabadwa mu 1962. Mu 1967 osewera ena anachoka ku Wanderers komweko n'kukayambitsa timu yawo, imene lero ikutisowetsa tuloyi. Zili ngati mng'ono wako amene munkadyera mbale imodzi, wakwiya, wasamuka, wakamanga tsidya la msewu nyumba ya malata yokhala ndi sola padenga, ndipo m'mawa uliwonse amakupatsa moni uli pakhomo pako ukufolera udzu. Mlendo akalemera timati ndi madalitso. Mbale wako akalemera timayamba kufunsa kuti ndalamazo wazitenga kuti.

Pamenepo ndi pamene pamalowera chifukwa chachitatu, ndalama. Timuyi yasintha mayina kutsata amene akuithandiza: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, mpaka dzina la banki linadzakhala kutsogolo. Ndikawauza alamu kuti timu yawo imasintha dzina ikangoona thumba lonenepa, iwo amayamba kuwerenga zala: Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers, Mukuru Wanderers. Akafika pamenepo ine ndimakumbukira kuti ndasiya simbi pamoto.

Ndalama zomwezo ndi zimene zimatidanitsa ndi Silver Strikers ya ku Lilongwe, timu ya Reserve Bank. Mungapikisane bwanji ndi anthu amene bwana wawo amasaina ndalama zimene zili m'thumba mwanu? Koma Silver ndimadana nayo mwa apo ndi apo, pamene ndapeza mpata. Mu 2024, itawalanda ligi Maule, ndinasanduka Banker ine munthu wosunga ndalama m'chitini cha mabatani. Ndinavina pakhonde mpaka kasitomala anandikumbutsa kuti thalauza lake likudikira zipi. Alamu anandisiya ndivine ndithe, kenaka anandifunsa mofatsa kuti kochi wa Silver, Peter Mponda, anali kaputeni wa timu iti pamene ankasewera. Ngakhale chimwemwe changa chinaphikidwa ndi mwana wa Bullets.

Umenewu ndiye ganyu, ndipo ine ndaugwira m'maiko ambiri osatuluka m'Chinamwali. Mu 2004 Bakili Bullets, pansi pa Kinnah Phiri, inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Dziko lonse linkanyadira. Ine ndinali sapota wa Enyimba ya ku Nigeria, wa Étoile du Sahel ya ku Tunisia, ndi wa Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire, matimu amene sindikanatha kuloza kwawo pa mapu ngakhale mutandilonjeza mbuzi. Mu 2023 ndinali Mkongo wa ku Lubumbashi chifukwa cha TP Mazembe. Chaka cha 2022 chokha ndi chimene chinandivuta, poti Simba ya ku Tanzania, imene inawatulutsa Maule, nayonso imavala zofiira. Ndinamvera pa wailesi kuti maso asachimwe.

Zofiirazi zandidyera ndalama. Mayi wina akabwera ndi nsalu yofiira sabata imene Maule apambana, ndimamuuza kuti ulusi wa mtundu umenewo watha m'tauni monse, abwere sabata yamawa. Tomato ndimadya pokhapokha atasungunuka mu ndiwo. Mayi a kunyumba anandiuza tsiku lina kuti, "Inu abambo, anzanu amadana ndi umphawi, inu mukudana ndi anyamata a msinkhu wa ana anu amene sadziwa n'komwe kuti muli moyo." Ndinawayankha kuti umphawi sungagonje Loweruka masana, pamene Bullets nthawi zina imagonja. Munthu uyenera kusankha nkhondo imene ili ndi chiyembekezo.

Apa ndiye pagona chinsinsi chimene ophunzira a ku yunivesite ya kuno, ija tinkaitcha Chancellor College, sanachilembebe. Chikondi cha mpira chimalipira mochedwa. Mu ligi muli matimu 16, chikho chimodzi, ndiye kuti matimu 15 amatha chaka akulira. Wokonda timu yake yokha amakhala ndi mwayi umodzi wosangalala pa sabata. Ine ndili ndi iwiri: Noma ikapambana ndimasangalala, neba akagwa ndimasangalala. Zikachitika zonse ziwiri, ana amadya nyama pakati pa mwezi. Ngakhale ife titagonja, bola nawonso agonje, tsikulo limawerengedwa lofanana mphamvu.

Chaka chimene masamuwa anandikana ndi 2023. Maule anatenga zonse zinayi: ligi ya TNM, chikho cha FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Alamu anayamba kubwera kunyumba popanda chifukwa, ati kudzaona ana, atavala jezi yofiira pamwamba pa malaya a kutchalitchi. Tsiku lina la fainolo ndinaganiza zothawira kuphiri, kumene ndinkati kuli mitengo ya paini ndi anyani okhaokha, zolengedwa zosatsata ligi. Ndinakwera msewu wokhotakhota wa Ku Chawe, kupumira m'mbali kupereka njira kwa amayi osenza nkhuni ndi anyamata otsika ndi matabwa pa njinga. Wailesi ndinaitenga, osati kuti ndimvere mpira ayi, koma kuti isabedwe kunyumba.

Kumwambako ndinapeza zinthu ziwiri zimene palibe anandichenjeza. Choyamba, wailesi imagwira bwino kwambiri paphiri kuposa m'Chinamwali, moti chigoli chinamveka choyera, popanda ngakhale kaphokoso koti munthu udzinamize kuti sunamve. Chachiwiri, mnyamata wogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu kufupi ndi damu la Mulunguzi anali atavala jezi ya Bullets, zipatso zake zofiira, mbale yake yofiira. Anandiyang'ana nkhope n'kunena kuti, "Madala, mukuoneka kuti ndinu a Noma. Tengani kambale aka pa mtengo wachipepeso." Ndinagula, poti mtengowo unalidi wabwino, n'kukadyera kuseri kwa mtengo.

Ndinapitirira mpaka ku Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965 n'kuona chigwa chonse, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Mfumu inaona kukongola kwa dziko. Ine ndinaona tauni yodzaza ndi anthu amene mawa lake adzadutsa pakhonde langa mmodzimmodzi kudzafunsa ngati ndadzuka bwino. Ndinaganizako za Chingwe's Hole, dzenje lija akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu, kuti ndikaponyemo wailesi, koma ndi kutali ndipo mabatire anali atsopano.

Ndili pamwambapo ndinazindikira kuti osewera a Bullets sanandilakwirepo kanthu. Amene ndimalimbana naye ndi mlamu wanga, kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, wometa tsitsi wa ku Mpondabwino, ndi mkulu wa mpingo amene amalowetsa zigoli m'zolengeza. Timuyo yangokhala njira yoti tinyozane popanda kutengerana kwa amfumu. Mwamuna wa ku Malawi sangauze mlamu wake kuti wamusowa. Amamuimbira foni usiku n'kumufunsa kuti, "Alamu, zija zinatha zingati?" akudziwa bwino lomwe mmene zathera.

Matendawa tinawatumizanso kunja. Lowani m'nyumba yoonetsera mpira ku Chinamwali kapena ku Chikanda tsiku limene ikusewera Manchester United. Theka la anthu alipira pakhomo kuti adzaione ikugonja. Alex Ferguson anatenga ligi ya ku England ka 13 asanapume mu 2013, ndipo ngongole ya zaka zimenezo anthu akutolerabe mpaka lero. Mu Malichi 2023, Liverpool itaithira zigoli 7 kwa 0, amene anafuula kwambiri sanali a Liverpool. Anali a Arsenal, amene ankakumbukirabe 8 kwa 2 ya mu 2011, ndi ife a Chelsea, amene tinasankha timuyo chifukwa cha mtundu wa jezi basi. Koma Leicester itatenga ligi mu 2016, palibe anaitukwana. Wosauka akapha njovu kamodzi, mudzi wonse umamuvinira. Aphe kachiwiri, muone.

Chomvetsa chisoni kwa ife a Zomba n'chakuti chidani chonsechi timachiitanitsa kuchokera ku Blantyre, makilomita pafupifupi 65 kuchokera pano. Likulu la dziko linatichokera mu 1975, aphungu nawo anadzasamuka pambuyo pake, ndipo lero ngakhale mdani wa pa mpira tilibe wathuwathu. Tili ndi Red Lions, asilikali a ku Cobbe Barracks, amene zaka zina masewero awo apakhomo ankakasewerera ku Balaka ife tikudikira kuti bwalo lathu limalizidwe. Anzawo a Kamuzu Barracks anatenga ligi mu 2016, kuonetsa kuti msilikali angathe. Koma munamvapo munthu ku Ndirande kapena ku Area 25 akusowa tulo chifukwa cha timu ya ku Zomba? Amatimvera chisoni, ndipo pa mpira chisoni n'chipongwe choposa kutukwana. Ine ndikanawasapota ndi mtima wonse anyamatawa, koma nawonso anasankha dzina lofiira.

Pali tsiku limodzi limene chidani chinandithawa anthu akuona. Mu Januwale 2022, ku Cameroon, Flames ikusewera ndi Morocco, Gabadinho Mhango anaponya mpira kuchokera kutali kwambiri n'kuugwetsera kuseri kwa goloboyi. Ndinapezeka ndili pamsana pa alamu, tikuzungulira nyumba, agalu akuuwa. Titakhala pansi iwo anati, "Mwana wa Bullets ameneyo." Ndinati ayi, ameneyo ndi mwana wa dziko. Tinagonja 2 kwa 1, ndipo pofika m'mawa aliyense anali atabwerera ku mpingo wake.

Tsono anzanga a Noma, a Maule, ma Banker ndi aganyu nonse, tiyeni tidane mwaulemu. Pakamwa mpokwanira. Mwala woponyera basi ya osewera sunagoletsepo chigoli, umangobweretsa utsi wokhetsa misozi ndi chindapusa ku timu imene mukuti mumaikonda. Woyimbira naye ali ndi ana kunyumba. Ndipo inu a mabizinesi a mu Zomba muno, ikani ndalama mu timu ya kuno, ikule, ipambane mpaka anthu a ku Blantyre ayambe kutitukwana pa wailesi. Mukatero, jezi zake ndidzasoka ine pa mtengo wotsika, bola zisakhale zofiira.